Funsani Mmisiri: Kodi ndingathe kupaka ndekha pulasitala m'nyumba mwanga?

Makalata ambiri amene afika pa tsamba lino mwezi uno akufunsa za pulasitala wa m'kati mwa nyumba, ndipo sizodabwitsa, chifukwa ino ndi nyengo imene anthu agulitsa zokolola ndipo akufuna kumalizitsa nyumba zawo mvula isanagwe. Tasankhapo makalata asanu, ndipo tawafupikitsa kuti mayankho apeze malo okwanira.

FUNSO: Ndamanga nyumba ya zipinda zitatu ndi njerwa zowotcha ndipo malata ndakhoma kale, koma ndalama zolipira mmisiri wa pulasitala zandithera. Ndinagwirapo ganyu yokanda matope kwa amisiri kwa miyezi ingapo, choncho fosholo ndi wilibala ndimazidziwa, koma mpeni womangira sindinaugwirepo pakhoma. Kodi n'zotheka kuti ndiphunzire ndekha, nanga ndiyambire pati? Ndine bambo wa ku Chinsapo, Lilongwe.

YANKHO: N'zotheka ndithu, bambo, ndipo miyezi imene munakhala mukukanda matope ija sinapite pachabe, popeza munthu amene anagwirapo matope abwino ndi manja ake savutika kuzindikira oipa. Koma ndikupempheni chinthu chimodzi musanagule ngakhale thumba limodzi la simenti: musayambire pabalaza. Yambirani m'chipinda chosungiramo katundu, kapena pakhoma limene mudzatsamiritsepo kabati, kuti zolakwika za masiku oyamba zikhale kumene alendo safikako. Pabalaza mudzafikepo pomaliza, dzanja litakhwima.

Anthu ambiri amaganiza kuti luso la pulasitala lagona pa kuponya matope ndi kusalaza, chifukwa ndi zimene maso amaona mmisiri akakhala pantchito. Pa zaka zimene ndagwira ntchitoyi ndaona kuti makoma ambiri amene amavuta amakhala atawonongeka kale mpeni usanawakhudze: wina sananyowetse njerwa, wina anagula mchenga wodzadza dothi, wina anayeza simenti ndi maso. Choncho mundilole ndikhalitse pa zokonzekera, pakuti mmera mpoyamba.

Zonse zolowa m'khoma zithe kaye. Mafelemu a zitseko ndi a mawindo akhale atamangidwa, mapaipi odutsamo mawaya a magetsi ndi timabokosi ta masiwichi zikhale zitaikidwa, ndipo mapaipi a madzi akhale atayesedwa kuti sakudontha, chifukwa palibe chopweteka mtima ngati kugumula ndi tchizulo khoma limene mwasalaza dzulo. Ngalande zimene wamagetsi wasema m'njerwa muzidzadze ndi matope masiku angapo musanayambe pulasitala, ndipo pamwamba pake mukhomerepo waya wa khola la nkhuku, kuti mng'alu usadzatsatire njira ya paipiyo. Kenaka palani matope onse otumphuka m'mizere ya njerwa ndipo musese fumbi ndi tsache lolimba. Lintala ndi nsanamira za konkire zimakhala zoterera, matope sagwirapo bwino. Pamenepo sakanizani muyezo umodzi wa simenti ndi miyezo iwiri ya mchenga waukuluukulu, zikhale zamadzimadzi, muwazepo mwamphamvu kuti pachite manthumanthu, ndipo mupasiye pakhwime kwa masiku awiri kapena atatu mukupanyowetsa.

Tsopano nkhani ya madzi, imene ndimaiona kuti ndiyo mutu wa ntchito yonseyi. Simenti salimba chifukwa chouma ayi. Amalimba chifukwa chogwirizana ndi madzi, ndipo kugwirizanako kumatenga masiku. Njerwa yowotcha ili ndi ludzu loopsa. Mukaponya matope panjerwa youma, njerwayo imayamwa madzi onse m'mphindi zochepa, simenti n'kutsala wopanda chomulimbitsa, ndipo pulasitala wotere amafumbutuka mukamukanda ndi chikhadabo. Nyowetsani khoma madzulo a tsiku loti mawa muyamba, ndipo mulinyowetsenso m'mawa. Lizioneka lakuda ndi chinyezi koma lisamayenderere madzi, chifukwa pakhoma lonyowa kwambiri matope amatsetsereka. Khoma loyamba limene ndinapatsidwa ndili wophunzira ndinalinyowetsa ndi ndowa imodzi yokha, m'mwezi wa Okutobala, ndipo patapita sabata imodzi chigawo chachikulu chinkalira ngati ng'oma ndikachigogoda. Tinagumula chonse, ndipo simenti wa mwini nyumbayo anapita pachabe. Nkhope ya mayi uja poona matumba ake atasanduka zigumu pansi ndimaikumbukirabe mpaka lero.

Za mchenga, amisiri athu amakonda mchenga wa kudambo chifukwa ndi wosalala ndipo umamata msanga, pamene wa kumtsinje ndi waukuluukulu ndipo umagwa pampeni. Vuto la wa kudambo ndi lakuti nthawi zina umabwera ndi dothi lochuluka, ndipo dothi limafuna madzi ambiri pokanda, kenaka limakhwinyata pouma n'kung'amba khoma. Musanalipire wa lole kapena wa ngolo, yesani chonchi: thirani mchenga m'botolo loonekera m'kati kufika pakati, onjezerani madzi ndi kamchere pang'ono, khutchumulani kwambiri, ndipo muliike pamalo osagwedezeka kwa maola atatu kapena kuposerapo. Mchenga umakhala pansi, dothi limadikha pamwamba pake ngati kamzere kosiyana mtundu. Ngati mchenga wafika masentimita 10 ndipo kamzere ka dothiko kakuyandikira sentimita imodzi, mchengawo musaugwiritse ntchito wokha. Usakanizeni ndi wa kumtsinje wosefa. Mchenga uliwonse usefedwe kuti muchotse timiyala, mizu ndi zinyalala, popeza kamwala kamodzi kokha kakakodwa pansi pa thabwa losalazira kamalemba mzere pakhoma lonse.

Muyezo wa m'kati mwa nyumba ndi umodzi wa simenti pa isanu kapena isanu ndi umodzi ya mchenga. Thumba la simenti la makilogalamu 50 ndi pafupifupi malita 33, ndipo wilibala ya amisiri, yodzadza kulekeza m'milomo popanda kaphiri pamwamba, ndi pafupifupi malita 65. Ndiye kuti thumba limodzi likufuna mawilibala awiri ndi theka kapena atatu, osapitirira apo. Simenti wolembedwa 32.5 pathumba ndi wokwanira pa ntchito imeneyi, kaya ndi wopangidwa ku Kasungu, ku Mangochi, ku Blantyre kapena wochokera ku Zambia. Chachikulu n'chakuti akhale watsopano, wopanda zibuma zolimba, ndipo mukafika naye kunyumba mumusanjike pamatabwa, osati pansi. Thumba limodzi limakuta pafupifupi masikweya mita 10 mpaka 12 pulasitala akakhala wochindikala mamilimita 12 mpaka 15, kotero chipinda cha mamita atatu mbali zonse chimadya matumba atatu ngati makoma ake ali owongoka. Koma inu, poti mukuphunzira, musakande thumba lathunthu nthawi imodzi. Yezani ndi chidebe: chimodzi cha simenti, zisanu za mchenga. Sakanizani zouma pamalo oyera mpaka mtundu ukhale umodzi, kumbani dzenje pakati, ndipo muthire madzi pang'onopang'ono kufikira matope atafewa ngati nsima ya mwana, oti mukawatapa ndi mpeni n'kuupendeketsa pang'ono sakugwa msanga. Matope amene akhala kupitirira ola limodzi ndi theka kapena awiri n'kuyamba kulimba atayeni. Kuwathira madzi kuti afewenso kumangobisa kufooka kwake.

Khoma lowongoka silichokera m'maso a mmisiri, limachokera pa zizindikiro zimene waika asanayambe. Matani kamulu kakang'ono ka matope pafupi ndi ngodya ya kumwamba, kochindikala mamilimita 12 mpaka 15, ndipo mukanikizepo kachidutswa ka thabwa kapena ka matailosi. Matani kena pansi pake, pafupi ndi pansi, ndipo muyeze ndi levulo yogonetsedwa pathabwa lowongoka, kapena ndi chingwe cholendewera chitsulo, kufikira tiwiri tonseti titaima mzere umodzi. Chitani chimodzimodzi kungodya inayo, kokani chingwe pakati pake, ndipo muike timilu tina motalikirana pafupifupi mita imodzi ndi theka. Chingwechi chidzakuuzani zoona za khoma lanu: pena njerwa zatuluka, pena zalowa. Pamene palowa kwambiri musayese kudzadza ulendo umodzi, chifukwa matope ochindikala kupitirira mamilimita 15 amalemera n'kugwa. Pakani gawo loyamba, likandeni mizeremizere lisanalimbe, ndipo mudzabwererepo mawa lake. Mukatero lumikizani timilu tija ndi mizere ya matope yochoka kumwamba kufika pansi, muiwongole ndi thabwa, ndipo muisiye igwire pang'ono. Mizere imeneyi ndiyo njanji zimene thabwa lanu lidzayendepo.

Apa ndiye pofika pa kuponya. Nyamulani matope pakathabwa kokhala ndi chogwirira kunsi, kali kudzanja lamanzere, tapani pang'ono ndi mpeni, ndipo muponye ndi dzanja, mukulipinda pamfundo yake, osati ndi phewa lonse. Matope ayenera kumenya khoma mwamphamvu kuti alowe m'timaenje ta njerwa. Ongopakidwa mopepuka amatsala ndi mpweya kumbuyo. Tsiku loyamba ambiri adzagwa pansi, ndipo zimenezi zisakufooketseni. Yalani matumba akale kapena lata m'tsinde mwa khoma kuti ogwawo muwatole asanadetsedwe. Ngati kuponya kukukanikani, kanikizani matope pakhoma ndi chitsulo chosalazira mukukwera m'mwamba, koma mukanikize ndi mphamvu. Mukadzadza pakati pa mizere iwiri, dikirani pang'ono kuti matope agwire, kenaka gonetsani thabwa lowongoka pamizere ija ndipo mulikweze pang'onopang'ono mukulisuntha uku ndi uku ngati mukucheka ndi sowo. Thabwa limadula otumphuka ndipo limaonetsa maenje. Dzadzani maenjewo, mudulenso.

Gawo limene ophunzira ambiri amalakwitsa ndi la kudikira. Musayambe kusalaza matope akadali ofewa, chifukwa mudzangowakoka n'kuwalekanitsa ndi njerwa. Dinani ndi chala chachikulu: ngati chikulowa mosavuta, nthawi sinakwane, ngati chikungosiya kachizindikiro kosazama, tengani thabwa losalazira ndipo muyendetse mozungulirazungulira, mukuwaza timadzi pang'ono ndi bulashi pamene pauma. Chitsulo chosalazira chibwere pomaliza, ndipo chidutse kawiri kapena katatu kokha. Pangodya za zitseko ndi mawindo khomererani thabwa lowongoka mbali imodzi kuti likhale malire, mupake mbali inayo, ndipo mulichotse mosamala matope atagwira.

Musaiwale thupi lanu. Simenti wonyowa amawotcha khungu mwakachetechete, ndipo zilonda zake zimaoneka madzulo ntchito itatha. Valani magolovesi a labala ndi jombo, ndipo akakudonthokerani m'diso, tsukani ndi madzi oyera ambiri kwa mphindi zosachepera 15 kenaka mupite kuchipatala. Pokwera, mangani nsanja yolimba ya matabwa. Migolo yoimika pamchenga yagwetsa anthu ambiri.

FUNSO: Mmisiri anandipakira pulasitala mwezi watha, ndipo poyamba ankawala bwino kwambiri. Pano khoma lonse lachita timing'alu ting'onoting'ono ngati pansi pa dambo louma, ndipo malo ena ndikagogoda pakumveka ngati m'kati mulibe kanthu. Kodi nyumba yanga igwa? Ndine mayi wa ku Chinamwali, Zomba.

YANKHO: Mtima ukhale m'malo, mayi, timing'alu ta mtundu umenewo sitigwetsa nyumba. Mawu anu akuti poyamba ankawala kwambiri akundipatsa chithunzi cha zimene zinachitika. Pali chizolowezi chimene chafala pakati pa amisiri, chowaza simenti wouma pamwamba pa pulasitala wonyowa kenaka n'kupukuta ndi chitsulo kwa nthawi yaitali kuti khoma linyezimire pamaso pa mwini nyumba. Chizolowezi chimenechi ndimadana nacho, chifukwa chimapanga kakhungu kopyapyala ka simenti yekhayekha, kamene kamakhwinyata msanga kuposa matope a pansi pake n'kusweka monga mwaoneramo. Zimachitikanso mchenga ukakhala wadothi, simenti akachuluka mopitirira muyezo, kapena khoma likauma mofulumira chifukwa cha kutentha ndi mphepo yolowera pamawindo opanda magalasi. Pulasitala watsopano amafuna kuwazidwa madzi m'mawa ndi madzulo kuyambira tsiku lotsatira, kwa masiku osachepera atatu, ndipo ine ndimalimbikitsa asanu ndi awiri. Ntchito imeneyi eni nyumba ambiri amaiona ngati yosafunika chifukwa mmisiri amakhala atalandira zake n'kupita, pomwe ndiyo imene imapatsa pulasitala mphamvu.

Timing'alu tosazama tingathe kutsekedwa ndi ufa womatira ming'alu wogula m'sitolo za zipangizo zomangira musanapake penti. Pamene pakulira ngati mulibe kanthu ndi nkhani ina: pamenepo pulasitala walekana ndi njerwa. Tengani kiyi kapena ndalama yachitsulo, gogodani khoma lonse, ndipo muzungulize ndi choko malo onse olira choncho. Ngati ndi kamalo kochepa ngati chikhatho ndipo sikanang'ambike, kangathe kukhala zaka osavuta. Malo aakulu agumulidwe kufika panjerwa, atsukidwe, anyowetsedwe, apakidwenso. Mng'alu umene uyenera kukudetsani nkhawa ndi wina: wotakata, woyenda mopendekera kuchoka pangodya ya windo kapena ya chitseko, woonekera kunja ndi m'kati momwe, ndipo ukunka nukula. Umenewo umachokera ku maziko, ndipo kuumata n'kungodzinamiza. Itanani injiniya kapena mmisiri wodziwa za maziko adzauone.

FUNSO: Ndimagwira ntchito yothandiza amisiri kuno ku Johannesburg, kumene timasalaza makoma ndi Rhinolite, ndipo ndaonera mavidiyo ambiri a ku Britain pa YouTube. Ndikabwera kumudzi ndikufuna kukapaka pulasitala nyumba ya mayi anga ku Mangochi, koma ndi ya zidina. Kodi njira zimene ndaphunzirazi zikagwira? Ndine mnyamata wa ku Mangochi wokhala ku South Africa.

YANKHO: Achimwene, mwachita bwino kufunsa musananyamule katundu ulendo wautali chonchi. Zimene mukuona m'mavidiyo a ku Britain, ngakhalenso Rhinolite amene mukugwiritsa ntchito, si simenti. Ndi pulasitala wopangidwa kuchokera ku mwala wotchedwa gypsum. Amapakidwa mopyapyala, mamilimita awiri kapena atatu, pamwamba pa mabolodi kapena pa pulasitala wina wowongoka kale, amalimba msanga, ndipo sagwirizana ndi chinyezi. Musamusakanize ndi simenti mu wilibala imodzi, chifukwa ziwirizi zikakumana ndi chinyezi zimafufuma n'kuswa khoma. Luso la dzanja limene mwapeza likakuthandizani posalaza, koma kakandidwe, kachindikalidwe ndi nthawi yodikira n'zosiyana kotheratu.

Pa nyumba ya zidina vuto ndi lakuti pulasitala wa simenti ndi wouma gwa pamene chidina ndi chofewa, ndipo chimafufuma ndi kukhwinyata malinga ndi nyengo. Ziwirizi sizigwirana kwenikweni, n'chifukwa chake m'midzi mwathu mumaona zigamba zikuluzikulu za pulasitala zitasendeka n'kusiya dothi poyera. Choipa china n'chakuti simenti amatsekera chinyezi m'kati mwa khoma, zidina n'kumasungunuka mobisika. M'kati mwa nyumba yotere ine ndingasankhe njira ya makolo, yomata ndi dothi losakaniza mchenga wambiri ndi udzu wodulidula, kenaka n'kupaka laimu, amene amapezeka mosavuta popeza mwala wake umakumbidwa konkuno ku Balaka ndi ku Lirangwe. Khoma lotere limapuma, limakhala loyera bwino, ndipo likagumuka penapake mayi anu angathe kukonza okha. Ngati banja laumirira simenti, palani mizere ya pakati pa zidina kuti ilowe pafupifupi sentimita imodzi, khomani waya wa khola la nkhuku khoma lonse ndi misomali yaitali, nyowetsani mopepuka kuti zidina zisasungunuke, ndipo mukande matope osalimba kwambiri: muyezo umodzi wa simenti, umodzi kapena iwiri ya laimu womangira, ndi isanu ndi itatu kapena isanu ndi inayi ya mchenga. Ku Mangochi kumatentha, choncho muziyamba m'mamawa ndipo muzitchinga mawindo ndi masaka onyowa.

FUNSO: Pulasitala watha sabata yatha ndipo ndikufuna kulowa m'nyumba msanga. Kodi ndingapake penti tsopano? Komanso m'munsi mwa khoma mukutuluka zoyera ngati mchere. Ndine mayi wa ku Luwinga, Mzuzu.

YANKHO: Dikirani pafupifupi masiku 28, mayi, ndipo ku Mzuzu kumene kumazizira ndi kuchita chinyezi mungafunike kuonjezerapo. Pulasitala watsopano amakhala ndi madzi ambiri m'kati komanso ukali wa simenti umene umadya penti, makamaka ya mafuta, n'kuichititsa matuza. Kuti mudziwe ngati khoma lauma, matani kapepala ka pulasitiki pakhoma ndi tepi mbali zonse zinayi ndipo mukasiye usiku wonse. Mukapeza thukuta kumbuyo kwake m'mawa, nthawi sinakwane. Kulowa m'nyumba mungathe kulowa, penti idzakupezani momwemo, ndipo podzapaka muyambe ndi penti yoyambira yopangidwira pulasitala watsopano.

Zoyerazo ndi mchere wochokera m'njerwa kapena mumchenga, umene madzi amautulutsa akamauma. Uchotseni ndi bulashi youma, osati ndi madzi, chifukwa madzi amaubwezera m'khoma. Ukasiya kutuluka pakatha milungu ingapo, palibe vuto. Koma ukamabwerabwera m'munsi mokhamokha, makamaka nthawi ya dzinja, ndiye kuti chinyezi chikukwera kuchokera pansi, mwina chifukwa pomanga sanayale pepala lakuda la pulasitiki pamwamba pa maziko, kapena dothi la panja lakwera kuposa pepalalo. Yambani mwachotsa dothi lotsamira khoma ndi kukonza ngalande kuti madzi a padenga azipita kutali ndi nyumba.

FUNSO: Ndamaliza Fomu 4 ndipo ndikufuna kuti ntchito ya pulasitala ikhale yondidyetsa. Kodi ndikaphunzire kuti? Ndine mtsikana wa ku Ndirande, Blantyre.

YANKHO: Kalata yanu yandisangalatsa, chemwali, chifukwa atsikana pa ntchito imeneyi akadali ochepa pomwe amene ndagwirapo nawo ntchito amasalaza mosamala kwambiri. Kuno kwathu pulasitala amaphunzitsidwa pamodzi ndi ntchito yomanga nyumba m'sukulu za ntchito zamanja monga Soche ku Blantyre komweko, Nasawa ku Zomba, Lilongwe, Namitete, Salima, Mzuzu ndi Livingstonia, komanso m'makoleji a m'madera amene boma linayamba kutsegula mu 2015. Bungwe la TEVETA, limene linakhazikitsidwa mu 1999, ndilo limayang'anira maphunziro amenewa ndipo limalengeza nthawi yolembera, choncho muzitsatira zilengezo zake m'nyuzipepala ndi pawailesi. Podikira, pezani mmisiri wa mbiri yabwino m'dera lanu, kaoneni kaye makoma amene anapaka zaka ziwiri kapena zitatu zapitazo, ndipo ngati akadali osang'ambika mumupemphe kuti muzimuthandiza. Mugule zida zanuzanu pang'onopang'ono, kuyambira mpeni womangira, chitsulo chosalazira ndi levulo, ndipo muzizitsuka tsiku lililonse matope asanaumirepo. Muphunzirenso kupaka pa mabuloko a simenti, amene akuchuluka m'matauni chifukwa cha malamulo oteteza mitengo: iwo samwa madzi ngati njerwa zowotcha, kotero amangofuna kuwazidwa pang'ono, ndipo mukawanyowetsa kwambiri amafufuma kenaka n'kudzang'amba pulasitala motsatira mizere yawo akamauma.